A Digiri Asagwire Khasu

Chizindikiro choyamba chinaonekera pa tsamba la buku. Munali mu Epulo, m'chaka changa chachiwiri ku yunivesite, ndili pa mpando wanga wa masiku onse m'laibulale. Ndinawerenga tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma nditamaliza sindinadziwe kuti likunena chiyani. Ndinabwereza. Mawu onse ndinkawadziwa, koma ankangofika m'maso n'kuthera pomwepo. Ndinati mwina ndi njala, ndinatuluka kukagula tchipisi, ndipo tchipisicho chinandikanika kudya. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti Yohane akasiya tchipisi m'mbale, ndiye kuti zinthu zavuta.

Kwathu ndi ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Ndinakula ndi miyendo. Kusekondale kunali kutali ndipo ndinkapita wapansi, Loweruka ndinkasenza chimanga kupita kuchigayo, nthawi ya dzinja ndinkalima ngati wina aliyense, ndipo madzulo alionse ndinkapezeka kudambo ndikumenya mpira mpaka chikopa chitasiya kuoneka. Ndinkasewera pakati, ndipo sindidzitama, koma anyamata a tsidya lina ankandidziwa dzina. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amayi ndi amene anatilera, ine ndi mlongo wanga Esinati, ndi ntchito yothyola tiyi ku esiteti. Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, woyamba m'banja lathu lonse, mudzi unandipatsa dzina latsopano. Ndisanaone n'komwe khomo la kalasi, ndinali kale a Digiri.

Tsiku lonyamuka, amayi anandikhazika pakhonde. Anatsegula chikwama changa, n'kutulutsamo nsapato zanga za mpira, n'kuziika pambali pawo. Anati, "Kumeneko ukupita kukawerenga. Mpira ayi. Ukakathyoka mwendo, adzakusamala ndani? Ine ndathyola tiyi zaka zonsezi kuti iwe uzigwira cholembera." Ndinayang'ana manja awo, okhakhala ndi odetsedwa ndi masamba, ndipo ndinalonjeza. Sindinalonjeze mokakamizidwa. Ndinkaona kuti akunena zoona.

Lonjezolo ndinalisunga kuposa mmene iwo ankaganizira. Moyo wanga unasanduka wa malo atatu: kuchipinda chogona, kukalasi ndi kulaibulale, ndipo onsewo anali moyandikana. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Kondwani, ankathamanga m'mawa ndiponso kusewera mpira Lachisanu. Ankandiitana kawirikawiri, ine n'kumamuyankha kuti ena tinabwerera sukulu. Ndinkamumvera chisoni ndithu, ndinkati mnyamatayu akutaya nthawi. Mayeso oyamba ndinakhoza bwino, achiwiri chimodzimodzi, ndipo ndinatsimikiza kuti njira yanga ndiyo yolondola. Thupi limene linazolowera kutuluka thukuta tsiku ndi tsiku ndinalikhazika pa mpando kwa chaka ndi miyezi, ndipo silinadandaule msanga.

Mu Meyi zinthu zinayamba kuchuluka. Tulo tinkatha kusanache, ndipo ndinkangogona chagada ndikuganiza za mayeso, za amayi, za anthu a kumudzi amene ankadikira digiri yawo. Mutu unkalemera, makamaka kumbuyoku. Nthawi zina mtima unkathamanga popanda chifukwa ndili khale m'kalasi. Lamba wa thalauza ndinamuboola bowo lina. Anzanga akamaseka ndinkaona ngati akuchita phokoso lopanda pake, ndipo foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye. Kondwani anandikokera ku kiliniki ya pasukulu. Anandiyeza malungo, sanawapeze. Anandipatsa mankhwala a mutu n'kundiuza kuti ndibwerenso zikapitirira. Zinapitirira, koma sindinabwerere, chifukwa sindinkadziwa chokanena. Munthu upite kwa dokotala kukanena kuti sukusangalala? Ndinkaona ngati andiseka.

Pofika mu Juni ndinali nditasiya kupita kukalasi. Kusamba kunkaoneka ngati ntchito yaikulu yofunika kuikonzekera kuyambira dzulo lake. Kondwani ndi amene anapita ku ofesi yoona za ophunzira kukafotokoza. A ku ofesiko anandiitana, anandifunsa mafunso modekha, ndipo anandilola kukapuma kunyumba. Anati malo anga andisungira mpaka Januwale, koma pobwera ndidzabwere ndi umboni wa kuchipatala woti ndapeza bwino. Januwale akadzadutsa ndisanabwere, malowo adzakhala atatha. Ndinatuluka mu ofesimo ndikudziwa kuti ndatsala ndi miyezi yowerengeka, koma mphamvu yoti ndichite nayo mantha inalibe.

Tsono apa mpofunika ndifotokoze za kwathu. Mwana wa ku yunivesite akaoneka pamudzi sukulu ili mkati, anthu safunsa zambiri. Amadziwa kale yankho: amuchotsa. Amayi ankalidziwa bwino khalidwe limeneli, motero atamva kuti ndikubwera anakonza zonse. Anauza amalume, mlongo wawo wamwamuna amene amagulitsa nthochi ndi nanazi pa njinga, kuti akandichingamire pamsewu dzuwa litalowa, ndipo tidzere njira ya kuseri kwa munda wa chinangwa. Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, ndipo amayi anathokoza Mulungu chifukwa anthu onse anali m'nyumba zawo. Ndinalowa m'mudzi wobadwira ngati katundu wozembetsa pa malire.

Chisamaliro chimene ndinalandira sindinachionepo chibadwire. Anandipatsa chipinda cha Esinati, bulangeti labwino la alendo, ndipo pazenera anapachikapo chitenje chochindikala. M'mawa tiyi wamkaka, masana dzira. Madzi osamba ankandibweretsera pakhomo la chipinda. Ndikafuna kupita kuchimbudzi, Esinati ankayamba watuluka kukaona ngati panjira pali munthu, kenako n'kutsokomola kawiri. Tsiku lina ndinatola tsache kuti ndisese m'chipindamo, amayi anandilanda ngati ndatola njoka. Makasu onse anawasamutsa pakhonde n'kukawaika kukhitchini. Ankati mutu wanga watopa ndi mabuku, ndipo mankhwala a kutopa ndi kupuma. Ine ndinkavomereza, chifukwa kugona ndi chimene matendawo ankafuna.

Ndinapuma mwezi wonse wa Julayi, ndipo ndinkaipiraipira. Dzira linkabwerera kukhitchini momwe linabwerera. Ndinkamva ana akusewera panja, njinga zikudutsa, amayi a pafupi akufunsa kuti, "Nanga a Digiri akupeza bwanji kutauniko?" ndipo amayi anga akuyankha kuti akuwerenga kwambiri. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa mutu. Ndinayamba kudziona ngati chinthu chochititsa manyazi chimene chabisidwa kuseri kwa chitenje. Masiku ena ndinkaganiza kuti zikanakhala bwino ndikanangogona osadzukanso. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa ndikudziwa kuti alipo anyamata ena amene maganizo otere amawafikira, ndipo amaganiza kuti ndi iwo okha.

Amalume ndi amene anathetsa nkhaniyi. Kwathu malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo awa sachedwa kuwagwiritsa ntchito. Analowa m'chipindamo osagogoda, anakoka chitenje, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuluka n'kuuza amayi kuti, "Achemwali, nthochi ndimazifundika kuti zipse, koma zikakhalitsa zimaola. Mwanayu mawa apite kuchipatala." Amayi anayesa kunena za anthu, koma amalume anali atapita kale kukapopa njinga.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anandiyezanso malungo, osawapeza. Magazi anali okwanira. Dokotala wake, mayi wachitsikana, sanathamangire kulemba mankhwala. Anandifunsa za tulo, za chakudya, ndi kuti ndinasiya liti kusangalala ndi zinthu zimene ndinkazikonda. Atamva mayankho anga anatitumiza ku chipatala chachikulu cha kuboma, ndipo anatiuza tsiku limene amaona anthu a matenda a maganizo. Titafika pakhomo amayi anangoti, "Ndiye akuti mwana wanga ndi wamisala?"

Tinanyamuka m'mamawa Lachitatu, kumayambiriro kwa Ogasiti, pa minibasi yodzaza ndi madengu a tomato. Amayi anafunda chitenje kumutu ngakhale kunja kunali kutayamba kutentha. Kuchipatalako tinapeza mzere utayamba kale. Tinapereka kabuku kanga ka kuchipatala pawindo, anandiyeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi, kenako tinakhala pa benchi. Ndinkayembekezera kuona anthu omangidwa zingwe. Amene ndinawaona anali anthu wamba: bambo wina wovala tayi akuwerenga nyuzi, mayi woyamwitsa, agogo ena amene anabwera kudzatengera mdzukulu wawo mankhwala a khunyu, ndi mnyamata wa msinkhu wanga amene ankangoyang'ana pansi ngati ine. Wina ankagulitsa zitumbuwa pageti, wina akudandaula kuti benchi ndi yolimba. Amayi anayang'ana uku ndi uku, ndipo pang'ono ndi pang'ono chitenje chija chinatsika kufika m'mapewa.

Tinalowa dzuwa lili pamutu. Amene anatilandira anali namwino wamwamuna woona za matenda a maganizo, wa imvi za apo ndi apo, wolankhula mosathamanga. Anayamba wapempha amayi kuti adikire panja. Anandifunsa mafunso ambiri, ena ofanana ndi a dokotala uja, ena atsopano: ngati ndimamwa mowa kapena kusuta, ngati ndimamva mawu amene ena sakuwamva, ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Funso lomalizali analifunsa mwachindunji, ngati mmene munthu amafunsira za chifuwa, ndipo ine ndinayankha zoona. Sanadzidzimuke. Anati, "Mwachita bwino kunena. Maganizo amenewo ndi mbali ya matendawa, ndipo akadzabweranso mwamphamvu musadikire tsiku la kiliniki, mudzabwere tsiku lomwelo." Anandiuza kuti ndikudwala matenda a kukhumudwa, amene ena amati dipuleshoni, kuti amagwira anthu ambiri kuphatikizapo ophunzira, ndipo amachizika. Kungomva kuti chinthucho chili ndi dzina, pachifuwa panga panapepukako.

Kenako anaitana amayi. Anawafotokozera zonse, n'kunena kuti andipatsa mapiritsi omwa madzulo, kuti sagwira ntchito msanga, ndipo ndisawasiye ndekha ndikayamba kupeza bwino. Atatero anafunsa kuti, "Nanga kunyumbako amachita chiyani tsiku lonse?" Apa nkhope ya amayi inawala, chifukwa linali funso limene ankadziwa kuti akhoza. Anati, "Palibe chimene amagwira, adokotala. Ngakhale kapu satsuka. Timamusunga m'nyumba, dzuwa silimuona."

Namwinoyo anaika cholembera pansi. Anati, "Mayi, mwamusamala ndi mtima wonse, ndipo zikuoneka. Koma kuyambira mawa chisamalirocho chisinthe. Ayende tsiku lililonse, ayambe pang'ono. Aone dzuwa, aone anthu. Akapeza mphamvu agwire ntchito za pakhomo, khasu lomwe agwire. Mapiritsi agwira mbali yawo, kucheza kwathu kuno kugwira mbali yake, koma thupi la mnyamata ngati uyu likangokhala, maganizo amalemera." Amayi anayankha mwaulemu kuti amva. Koma titatuluka pageti anandiuza kuti dokotala ameneyu ndi wabwino, kungoti sadziwa anthu a ku Limbuli.

Tinagwirizana pakati. Ndiziyenda, koma kusanache, anthu asanatsegule zitseko. Tsiku loyamba ndinafika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa munda wathu, ndipo ndinabwerera ndikupuma ngati ndakwera phiri. Ine yemwe uja wa pakati pa bwalo. Ndinakhala pakhonde n'kulira, ndipo Esinati anandipatsa madzi. Mapiritsi nawo anali ndi zawo: kukamwa kunkauma, m'mawa ndinkadzuka mutu uli zii. Masabata oyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanasiya zonse. Koma amalume ankafika m'mawa uliwonse n'kuliza belu la njinga pazenera mpaka nditatuluka. Belu limenelo ndinkadana nalo kwambiri.

Chakumapeto kwa Ogasiti tulo tinayamba kufika mpaka m'mawa. Nditabwerera ku kiliniki, sikelo inali isanasinthe, koma namwino anati nkhope yasintha. Tinacheza za mantha anga a mayeso, ndi za katundu amene ndinadzisenzetsa woganiza kuti mudzi wonse udzagwa ndikalephera. Anandiuza kuti ndiwonjezere mtunda. Amalume atamva anati ali ndi mtunda wabwino kwambiri. Pa njira yawo yopita kumsika pali chitunda chimene njinga yodzaza nthochi siikwera munthu ali pachishalo, ndipo kwa zaka zambiri ankaikankha okha. Anati popeza achipatala alamula, iwo sangakane kuthandiza wodwala.

Motero mu Seputembala ndinayamba kukankha njinga. Amalume kutsogolo atagwira mahandulo, ine kumbuyo nditagwira dengu, mutu pansi. Thukuta linkatsika mpaka m'maso. Chodabwitsa n'chakuti pa chitunda chimenecho sindinkatha kuganiza za Januwale, kapena za tsamba lija la m'laibulale. Ndinkangoganiza za phazi lotsatira. Tikafika pamwamba tinkaima, phiri likuyamba kuoneka, minda ya tiyi ili mbuu ndi mame, ndipo kwa kanthawi mutu unkakhala chete. M'mawa wina tili pamwambapo ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: njala. Ndinathyola nthochi m'dengumo n'kudya, ndinathyolanso ina, ndi inanso. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Digiri, kuchira tikufuna, koma katundu ndi wa msika." Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kanali koyamba kuseka kuchokera mu Epulo.

Koma dzuwa la Seputembala limafulumira, ndipo chitunda chimachedwetsa. Tsiku lina kunatichera tili pakati pa njira, ndipo tinakumana maso ndi maso ndi mayi a Joyisi, oyandikana nafe nyumba, akupita kumjigo. Anaika ndowa pansi, anandipatsa moni wautali wofunsa ndi za kutauni zomwe, maso ali pa dengu. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, ndipo pofika madzulo inali itabwerako itanenepa. Ena ankati andichotsa chifukwa cholephera, ena ankati chamba, ena ankati ndinapereka mimba. Wina anauza Esinati kuti digiri ya masiku ano ndi yokankha njinga.

Amayi analira tsiku limenelo, ndipo anabwezeretsa chitenje pazenera. Anati ndisatulukenso mpaka nkhaniyo izizire. Amalume analiza belu m'mawa mwake, koma sindinatuluke, ndipo ulendo uno sanali amayi okha ondiletsa. Manyazi anandigwira. Ndinakhala m'chipindamo masiku angapo, ndipo ndinamva zonse zikubwerera mmene zinachokera: tulo tinayamba kudukiza, mbale inayamba kubwerera ndi chakudya. Apa mpamene ndinachita mantha enieni, chifukwa tsopano ndinali nditalawa kupeza bwino. Loweruka madzulo ndinapita kukhitchini kumene amayi ankasenda chinangwa, ndinakhala pansi n'kuwauza kuti, "Amayi, ndikakhala m'nyumba muno anthu asiya kulankhula, koma kusukulu sindibwererako." Anapitiriza kusenda, koma ndinaona kuti chinangwa chimodzi anachisenda mpaka kutsala kachidutswa.

Lamlungu m'mawa anandigogodera n'kunena kuti ndivale malaya oyera. Tinayenda limodzi kupita kutchalitchi, pamsewu waukulu, dzuwa likuwala, iwo patsogolo ine pambuyo. Mapemphero atatha, anthu ali panja kupatsana moni, amayi anaima pakati pa amayi anzawo n'kulankhula mokweza kuti ndi abambo omwe amve. Anati, "Yohane uyu mukumuonayu sanachotsedwe sukulu. Akudwala matenda a maganizo, akulandira mankhwala kuboma, ndipo adokotala anati aziyenda ndi kugwira ntchito. Ine ndinamubisa, ndipo anatsala pang'ono kundithera m'nyumba. Amene ali ndi funso afunse ine." Ine ndinkafuna nthaka itseguke. Kenako mayi a Joyisi, omwe aja, anati, "Ndiye bwanji osanena kale? Ine ndili ndi nandolo wofunika kuthyola." Anthu anaseka, ndipo nkhani imene tinaiopa miyezi itatu inathera pomwepo.

Sindikunena kuti miseche inatheratu. Alipo amene mpaka lero amandiyang'ana kawiri. Koma sabata yomweyo bambo wina wa kumpingo kwathu anabwera madzulo kudzafunsa amayi kuti kiliniki ija imakhala tsiku liti, chifukwa mwana wawo wamwamuna anali atasiya kulankhula ndi anthu. Amayi, amene miyezi iwiri m'mbuyomo anafunda chitenje kumutu, anawalongosolera zonse, ndi minibasi yokwera yomwe, ndi kuti atenge kanthu koyala pa benchi.

Mu Okutobala makasu anabwerera pakhonde. Ndinapanga mizere m'munda wathu limodzi ndi Esinati, manja anatuluka matuza, ndipo ndinkawaonetsa aliyense monyadira. Madzulo ndinayamba kutenga mabuku anga. Poyamba ndinkawerenga ndime imodzi n'kutseka, kenako tsamba, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti ndamaliza mutu wonse ndipo ndikukumbuka zimene ukunena. Ndinaimbira foni Kondwani kumuuza, iye anangoti, "Ndiye mpira uyamba liti?" Ndinamuuza kuti umenewo ayi. Kudambo ndinkapita, ndinkathamanga mozungulira bwalo anyamata akusewera, koma chikopa chikandipeza ndinkachibweza ndi dzanja. Ndinali nditalonjeza, ndipo amayi anali atamezera kale zambiri chifukwa cha ine. Sindinafune kuwapempha chinanso.

Masiku oipa sanasowe. Mu Novembala ndinakhala pafupifupi sabata yathunthu mutu uli wolemera popanda chifukwa chooneka, ndipo ndinaganiza kuti zonse zagwa. Namwino anati zimachitika, kuchira sikuyenda mowongoka, chofunika n'kusasiya mankhwala ndi kusabwerera kuseri kwa chitenje. Pakati pa Disembala anandiona pamodzi ndi dokotala. Sikelo inali itakwera, tulo tinali bwino, maganizo oipa aja anali atapita. Anandilembera umboni wopita nawo kusukulu, anandilumikiza ndi kiliniki ya kumeneko kuti ndizikapitiriza kulandira mankhwala, ndipo namwino pondisanzika anati, "Mukakafika musakakhalenso pa mpando chaka chonse." Amayi anali pomwepo, ndipo anamva.

Tsiku lonyamuka, mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, amayi anandikhazikanso pakhonde pomwe paja. Chikwama chinali chotseka kale, amalume akudikira ndi njinga panjira. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo yakuda. M'katimo munali nsapato zanga za mpira. Nthawi yonseyi zinali kudenga, ndipo makoswe anali atadya lilime la nsapato ya kumanzere. Anali atapita nazo kwa wosoka nsapato kumsika, amene anaikapo chikopa chofiira pomwe nsapatozo ndi zakuda. Anazipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, anatsegula chikwama, n'kuziika pamwamba pa mabuku. Anati, "Mwendo ukathyoka tidzaona, achipatala amamanga. Zinazi sindikufuna kuzionanso." Amalume analiza belu.

Lero ndili m'chaka chomaliza. Mapiritsi ndinamwa miyezi yambiri nditabwerera, ndipo ndinasiya pang'onopang'ono achipatala atandiuza, osati mwa ine ndekha. Ndimathamanga ndi Kondwani m'mawa, Lachisanu ndimasewera pakati, ndipo anzanga amanditcha Lilime Lofiira chifukwa cha nsapato ija. Ndimawerenga maola ochepa kuposa kale, koma zimene ndawerenga zimakhala. Masiku olemera amabwerabe mwa apo ndi apo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimawazindikira msanga, ndimauza munthu, ndipo ndimatuluka panja ngakhale thupi likukana.

Kwa anyamata anzanga a m'makoleji ndikuti: tulo tikasowa, chakudya chikakanika, zimene munkazikonda zikasiya kukoma, ndipo zikatenga masabata, pitani kuchipatala mukanene momwe mukumvera, ngakhale malungo asapezeke. Ine ndinadikira kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya sukulu ndi moyo womwe. Mpira kapena kuthamanga sikulowa m'malo mwa dokotala, koma musalole kuti mabuku akulandeni miyendo. Kwa makolo ndikuti: mwana akabwera kunyumba atafooka, musamubise. Mutengereni kuchipatala msanga, ndipo musamulande tsache. Ndikapita kwathu pa holide masiku ano, ndimapeza khasu langa litatsamira pakhomo la chipinda, ndipo amene amaliikapo ndi amayi.